Dokotala wa ku Mangochi akakopeka ndi makompyuta, alowere kuti?

Pakati pa madokotala ndi ma clinical officer achinyamata a m'zipatala za m'mbali mwa nyanja kuno, alipo angapo amene akaweruka madzulo amatsegula laputopu n'kuyamba kulimbana ndi Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta. Ena anayamba chifukwa chotopa ndi malipoti a pamwezi. Ena ankakonda masamu kuyambira ku sekondale, kungoti kunyumba anagamula kale kuti mwana wanzeru amakhala dokotala. Pakapita miyezi funso limabwera ndi lomweli: izi zikhale zongosangalatsa Loweruka, kapena ndisiye chipatala ndilowe ntchito imeneyi ndi miyendo yonse? Pakati pa mayankho awiriwa pali njira zina zingapo, ndipo zimasiyana kwambiri pa ndalama, pa nthawi, ndi pa zimene munthu amataya akazisankha.

Ndinene msanga kumene ndapendekera. Anthu odziwa kulemba mapulogalamu m'Malawi muno sasowa: MUBAS, MUST, Mzuni ndi University of Malawi amawatulutsa chaka ndi chaka. Amene amasowa ndi munthu woti anaimapo pa OPD Lolemba m'mawa nyengo ya malungo, mzere utafika panja, amene akudziwa m'thupi mwake kuti namwino woona ana ochuluka chotere sangadine mabatani khumi pa wodwala mmodzi. Chuma chanu chagona pamenepo, adokotala. Njira iliyonse muiyeze pofunsa ngati ikugwiritsa ntchito chumacho kapena ikuchisiya kuti chiwole.

Njira yosavuta kuyamba ndi yosasuntha n'komwe: mukhalabe pa ntchito, kompyuta ikhale ya madzulo ndi kumapeto kwa sabata. Zofunika n'zochepa. Laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito imakwana bola batire lake likhale lamoyo. Python ndi R (chinenero china chosanthulira ziwerengero) n'zaulere, ndipo mukaziika sizifunanso intaneti kuti ziyende. Maphunziro a CS50 a ku Harvard ndi a freeCodeCamp salipiritsa, koma mavidiyo amadya bandulo koopsa, choncho akopereni pamene mwapeza Wi-Fi muzionera pang'onopang'ono. Chimene chimagonjetsa ambiri si ndalama ayi, ndi thupi. Mwachokera pa call, mwachita maopaleshoni a amayi usiku wonse, kutentha kwa Okutobala kwafika poti fani ya laputopu ikungolira, magetsi athima, ndiye mukhale pansi kufufuza chifukwa chimene mzere wa 40 wa pulogalamu yanu ukukanira. Amene amapitirira ndi amene anasankha vuto laling'ono la pa ntchito pawo lomwe likuwanyansadi: ndandanda ya call imene mwezi uliwonse imayambitsa mkangano, mankhwala otha nthawi ali pa shelefu ku famase, mndandanda wa odwala ofunika kubweranso amene sanabwere.

Kuti muone phindu la udokotala wanu pa ntchito yotere, tengani artesunate wobaya pa malungo aakulu. Mlingo wake ndi 2.4 mg pa kilogalamu, koma kwa mwana wosakwana makilogalamu 20 ndi 3 mg pa kilogalamu. Mnyamata wa kompyuta amene sanalowepo m'wodi ya ana adzalemba mzere umodzi wochulukitsa kulemera ndi 2.4, pulogalamu idzayenda bwinobwino popanda kudandaula, ndipo tiana tonse tidzalandira mankhwala operewera. Inu mudzakumbukira malire a 20 aja. Mudzakumbukiranso kuti namwino safuna mamiligalamu okha, akufuna kudziwa asungunule mabotolo angati a 60 mg ndipo akoke mamililita angati. Mudzaikanso chotchinga kuti munthu wotopa akalemba 85 m'malo mwa 8.5 pulogalamu imufunse kawiri. Zimenezi sizili m'buku lililonse la Python. Koma pomwepo pali msampha: chowerengera mlingo chimene mwapanga nokha usiku chisafike pa wodwala anzanu asanachiyese ndipo akuluakulu a chipatala asanavomere. Ndandanda ya call ikalakwika anthu amangokwiya, pamene mlingo ukalakwika zimathera kwina.

Msampha wina ndi deta ya odwala. Mangochi ndi boma lalikulu, anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018, koma pa tauni anthu amadziwana. Fayilo yokhala ndi mayina, midzi ndi zotsatira za magazi ikakhala pa laputopu yanu, laputopuyo n'kubedwa m'minibasi, mwaulula zinsinsi za anthu amene mumagula nawo nsomba msika umodzi. Lamulo la Data Protection Act la 2024 lilipo tsopano, ndipo lisanabwere n'komwe malamulo a Medical Council of Malawi ankaletsa kale kuulula za wodwala. Pophunzira gwiritsani ntchito mayina ndi manambala opeka. Pa GitHub, malo a pa intaneti osungirako mapulogalamu, pasapite kalikonse kochokera m'kaundula weniweni. Ndipo tsiku limene mudzafune kusindikiza zimene mwapeza ngati kafukufuku, mudzafunika chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, ya NHSRC kapena ya ku KUHeS, musanayambe, osati mutamaliza.

Kuipa kwa njira imeneyi n'kwakuti palibe amakulipirani, palibenso amawerenga zimene mwalemba n'kukuuzani kuti apa mwapotoza. Munthu amatha zaka akubwereza zizolowezi zoipa zomwezo. Ndipo tizipangizo totere timafa mwini wake akasamutsidwa: kalata ikangobwera yoti mupite ku Monkey Bay kapena ku Namwera, pakatha milungu iwiri anthu abwerera pa pepala.

Pafupi ndi njira imeneyo pali ina imene ambiri saiwerengera chifukwa ilibe ulemerero: kukhala munthu wa deta mkati mwa chipatala kapena ofesi ya zaumoyo ya boma. Ziwerengero za zipatala m'dziko muno zimathera mu DHIS2, pulogalamu yaulere imene imatsogoleredwa ndi University of Oslo ndipo ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko oposa 70. Koma zisanafike m'menemo zimadutsa m'manja. Pitani pa chipatala chaching'ono kumapeto kwa mwezi mukaone: kalaliki wakhala pa benchi, kaundula wamkulu wa OPD wong'ambika chikuto ali pamiyendo, akuwerenga mizere ndi pensulo, malungo a ana osakwana zaka zisanu padera, a akulu padera, kwinaku wina akumuitana kuti akathandize pa sikelo. Fomu ikadzaza imapita ku boma pa njinga yamoto, kapena nyengo ya mvula msewu wa ku Makanjira utavuta imapita ngati chithunzi cha pa WhatsApp. Nambala iliyonse ya mu DHIS2 inayenda ulendo umenewo, ndipo dokotala amene amaudziwa ulendowo amadziwa nambala yokhulupirira ndi yoikayikira.

Ntchito ya pano si kulemba mapulogalamu atsopano kwenikweni. Ndi Excel yozama, R pang'ono, SQL pang'ono yofufuzira mu deta yosungidwa, mafomu a pa foni a KoboToolbox kapena ODK, ndi luso lofunsa funso loyenera. Maphunziro oyambira a DHIS2 Academy ali pa intaneti kwaulere. Amene anagwira ntchito nthawi ya kolera, imene inayambira ku Machinga mu Malichi 2022, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Mangochi ali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, akukumbukira kufunika kwa munthu wotha kutenga mndandanda wa odwala n'kuusanja mwa midzi ndi masiku m'mawa womwewo, kuti a zaumoyo adziwe doko kapena chitsime choyambira kupitako. Munthu wotere sapanga app iliyonse, koma pa sabata yotero amaposa mapulogalamu ambiri.

Ubwino wake ngwoonekeratu: malipiro a boma akupitirira, penshoni ikuwerengedwabe, manja akugwirabe odwala, ndipo dzina lanu limayamba kumveka kwa anthu a ku Unduna ndi a mabungwe amene amabwera kudzayendera. Kuipa kwake n'kwakuti kawirikawiri ntchitoyi imangounjikidwa pamwamba pa imene muli nayo kale, popanda udindo watsopano kapena kwacha yowonjezera. Komanso konzekani: mukangodziwika kuti mumadziwa kompyuta, printa ikakana kusindikiza adzakutulutsani m'wodi.

Njira imene ndimaiona ngati kusintha ntchito kwenikweni, koma kosataya udokotala, ndi kulowa m'mabungwe opanga ndi kuyendetsa makina a zaumoyo. Malawi ali ndi mbiri yaitali pa zimenezi kuposa mmene ambiri amaganizira. Bungwe la Baobab Health linayamba kuika makompyuta odina pa galasi pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe cha m'ma 2001, opangidwa kuti azidya magetsi ochepa ndi kuyendera mabatire. Aliyense amene anagwirapo ntchito ku kiliniki ya ma ARV akudziwa kapepala komata ka barcode kamene kamasindikizidwa n'kumatidwa m'buku la kuchipatala la wodwala. Ntchito yosamalira makina amenewa pambuyo pake inapitirizidwa ndi bungwe la EGPAF, kumpoto kuli Luke International, ndipo ku Neno a Partners In Health akhala akugwiritsa ntchito OpenMRS, pulogalamu yosungira mbiri ya odwala. Pafupi nafe pompano, ku Balaka, ndi kumene Chipatala Cha Pa Foni chinayambira mu 2011 mothandizidwa ndi VillageReach, anthu n'kumaimba 54747 kwaulere pa Airtel, kenako chinaperekedwa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo.

Dokotala m'malo otere amakhala pakati pa anthu awiri osamvana chinenero: wa m'chipatala ndi wolemba mapulogalamu. Malangizo a chithandizo amasintha. Mu 2011 Malawi anayamba Option B+, kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi HIV ayambe ma ARV a moyo wonse osadikira zotsatira za CD4 zoyeza chitetezo cha m'thupi. Mu 2019 odwala ambiri anasamutsidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Kusintha kulikonse kotere kumayenera kusandulika malamulo a mu pulogalamu: ndani ayenera kulandira chiyani, pa kulemera kotani, chenjezo lituluke liti, lipoti la kota liwerenge bwanji. Wina ayenera kuwerenga bukhu la malangizo n'kulifotokoza kwa olemba mapulogalamu mzere ndi mzere, kenako n'kukhala pansi kuyesa ngati makinawo akuchita zimene namwino wa ku Chilipa akuyembekezera. Dokotala wodziwa SQL pang'ono, wotha kuwerenga zimene anzake alemba ngakhale iye sangazilembe mwaluso, amene wamvapo za FHIR, njira imene makina a zaumoyo amatumizirana deta, ndi munthu wovuta kumupeza.

Malipiro ake nthawi zambiri amaposa a boma, ndipo mumagona usiku. Koma mtengo wake ulipo. Ntchito zambiri zili ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndiye ngati banja lanu lakhazikika kuno, akazi kapena amuna anu akuphunzitsa pa sukulu ina pafupi, nkhaniyo si yanu nokha. Ndalama zake zambiri n'zochokera kunja ndipo makontirakiti ndi a chaka chimodzi kapena ziwiri. Boma la America litaimitsa thandizo lakunja mu Januwale 2025, anthu ambiri a m'mapulojekiti a zaumoyo anadzuka alibe ntchito, pamene anzawo a m'boma amene ankawamvera chisoni anali akulandirabe kumapeto kwa mwezi. Chinanso, manja amaiwala. Pakatha zaka zitatu osagwira mpeni, simungalowe m'fiyeta ndi mtima womwe uja. N'chifukwa chake amene alowa njira imeneyi mwanzeru amasungabe kalembera wawo ku Medical Council, amakwaniritsa mapointi a maphunziro opitiriza a CPD, ndipo amapezako locum, ganyu wa m'chipatala, kamodzikamodzi ngakhale ndalama yake ndi yochepa.

Za sukulu sindichedwapo. Digiri yachiwiri ya health informatics kapena public health imatsegula zitseko za maudindo akuluakulu, ndipo mwayi wa Chevening ndi Commonwealth ulipo kwa olimbikira kulemba. Ku Zomba, University of Malawi ili ndi maphunziro a informatics ndipo anthu ake akhala akugwira ntchito ndi DHIS2. Koma sukulu yotere imaphunzitsa kwambiri kuganiza za dongosolo ndi kafukufuku, siisandutsa munthu katswiri wolemba mapulogalamu. Imapindulitsa amene wapita ali kale ndi mafunso ochokera ku ntchito. Wopita chifukwa chongotopa ndi ma call amabwerako ndi pepala, mafunso alibe. Ngati mukupita pa tchuthi cha maphunziro cha boma, werenganinso bwino zaka zimene mukulonjeza kudzagwira mukabwerako.

Tsono pali loto lalikulu lija: kusiya zonse, kukhala wolemba mapulogalamu weniweni, kugwirira kampani ya kunja muli pakhonde kuyang'ana nyanja, malipiro akubwera m'madola. Kukoma kwake n'komveka, makamaka kwa aliyense amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Intaneti nayo si chopinga chachikulu monga kale, poti Starlink inalowa m'dziko muno mu 2023, ngakhale muyenera kuwonjezerapo sola ndi mabatire chifukwa kampani ya ku London sidzamva zoti magetsi anathima. Vuto n'lakuti pa msika umenewo udokotala wanu sulemera kanthu. Mukupikisana ndi achinyamata a ku Nairobi, Lagos ndi Bangalore amene akhala akulemba mapulogalamu kuyambira ali ndi zaka 18, ndipo mukuyambira pansi penipeni. Kuyambira pamene ChatGPT inatuluka kumapeto kwa 2022, ntchito zing'onozing'ono zimene oyamba kumene ankaphunzirirapo zambiri zikuchitidwa ndi makina. Zida zomwezo n'zothandiza kwambiri kwa dokotala wongofuna kupanga kachipangizo kake madzulo, koma zachepetsa makwerero a pansi kwa wofuna kulembedwa ntchito. Alipo amene amadutsa, ndipo ndi aja oti kulemba mapulogalamu kumawakoma pakokha, ngakhale pulogalamuyo ikhale ya banki kapena ya sitolo.

Kuyambitsa kampani yanu ndi nkhani inanso, ndipo funso loyamba ndi loti alipire ndani. Zipatala za boma kawirikawiri sizilipiritsa odwala ndipo sizigula mapulogalamu pachokha. Zimenezo zimagamulidwa ku Unduna. Otsala ndi zipatala za CHAM, monga zimene tili nazo ku Malindi ndi kwina, makiliniki a anthu ndi mafamase. Amenewa chimene amafuna kwambiri si nzeru zakuya za matenda koma kudziwa ndalama zalowa zingati, mankhwala atsala angati, ndi mapepala a MASM ayenda bwanji. Ndi ntchito yabwino, koma dziwani kuti ndiyo mukulowa. Dziwaninso kuti kugulitsa ndi tsiku limodzi, kusamalira ndi zaka: makina akaima Lamlungu pa kiliniki ya kutali, woyendetsa galimoto kupita kumeneko ndinu.

Ambiri amayambira pa app ya odwala, ndipo apa ndimapempha kuti munthu ayime kaye pa geti la chipatala chilichonse kuno aone mafoni ali m'manja mwa anthu. Ambiri ndi a mabatani. Foni yamakono ikakhalapo nthawi zambiri ili ndi bambo amene ali ku nyanja kapena ku Joni. Mayi wa ku Katuli kapena Lungwena amalankhula Chiyao, Chichewa amachimva, Chingerezi cha pa Play Store sichimukhudza. Chipatala Cha Pa Foni chinafika kutali chifukwa chinagwiritsa ntchito mawu apakamwa pa foni iliyonse, ndipo cStock inathandiza alangizi a zaumoyo kunena za mankhwala otsala kudzera pa SMS wamba. Dokotala wa kuno amene akufunadi kupanga chinthu cha odwala aphunzire za USSD (manambala oyamba ndi * aja), SMS ndi mauthenga a mawu asanalote za china chilichonse chowala.

Pali kayesedwe kamodzi kotsika mtengo kothandiza kudziwa mbali yanu. OpenMRS ndi DHIS2 zonse zili poyera, aliyense angathe kuwerenga mmene zinalembedwera ndi kulowa m'zokambirana za anthu ozikonza. Tengani vuto laling'ono limene ena alemba, muyese kulikonza, mulole anthu osakudziwani akuuzeni kuti mwalakwitsa pati. Ngati madzulo amenewo akukomerani, kufufuza kachilembo kamodzi kolakwika mpaka pakati pa usiku, mwina ndinu wa njira yokhala wolemba mapulogalamu weniweni ija. Ngati mukupeza kuti chimene chikukuyabwani ndi choti fomu yafunsa mafunso mosemphana ndi mmene wodwala amaonedwera, ndipo mukufuna kukangana nawo za zimenezo, malo anu ali pakati pa a chipatala ndi olemba mapulogalamu paja.

Akuluakulu kunyumba adzakuuzani kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pa ntchito zambiri akunena zoona. Pa iyi ndikuona kuti wovumbwa msanga ndi amene wathamangira phanga limodzi asanalione mkati. Adzakufunsaninso funso lolemera kuposa limenelo: boma la anthu ochuluka chonchi, madokotala ochepa chonchi, inu mwaphunzira zaka zisanu ndi internship ya miyezi 18 pamwamba, ndiye mukakhale pa kompyuta? Funsoli si lopusa ndipo silitha ndi yankho lochenjera. Wodwala amene simudzamuona chifukwa mwachoka ndi munthu weniweni, pamene amene adzathandizidwe ndi makina abwino simudzamudziwa nkhope. Aliyense amaliyeza yekha, ndipo ma clinical officer, amene m'zipatala zambiri za kuno ndiwo amanyamula mtolo waukulu, limawalemera mofanana.

Pa zochita zenizeni, musalembe kalata yosiya ntchito musanakhale pansi ndi a DHO, akulu a zaumoyo m'boma, ndi a ofesi yoona za antchito kufunsa ngati mungapatsidwe tchuthi chosalipidwa kapena kubwerekedwa ku pulojekiti kwa nthawi yoikika. Kubwerera m'boma mutasiya kumadikira kuti malo alengezedwe, ndipo zimenezo zimatha kutenga nthawi yaitali. Funsaninso, ngati mwapanga kale kachipangizo kamene anzanu akugwiritsa ntchito m'wodi, kuti katsala m'manja mwa ndani mukachoka, ndipo munthuyo mukhale naye pansi mumuonetse mmene kamayendera kalata yosamuka isanafike.